Mabuleki a Malemu Goodwell

Thamesmead, London
14 Januwale 1985

Okondedwa alamu anga a Oswald,

Moni wambiri kwa inu ndi mbumba yonse ku Mkanda. Muli bwanji? Ife kuno tilipo, kungoti chisanu cha chaka chino chabwera ndi mkwiyo, mpaka madzi anauma m'mipope. Kalatayi idzera kwa mnzathu Mable ku Chipata monga kale, iye adzakupatsirani pamanja.

Nkhani ndili nazo ziwiri, ndiyambe ndi yokoma. Mwana wanu Ivy wapeza banja. Mnyamatayo ndi Bonface, kwawo ndi ku Katete, ndipo ndi waulemu kwabasi moti amagwadabe pondipatsa moni ngakhale pakapeti. Ukwati udzakhala pa 17 Ogasiti kutchalitchi kwathu ku Greenwich.

Yachiwiri ndi ya galimoto. Mukukumbuka chithunzi chija tinakutumizirani, mng'ono wanu Goodwell atatsamira Cortina yake yobiriwira ngati wagula Ulaya yense? Ilipobe. Chaka chimene anayamba kudwala, iye ndi mwana wathu Felton anachotsa injini yaing'ono imene inabwera ndi galimotoyo n'kuikamo yaikulu. Musandifunse chifukwa, zinali za amuna. Galimoto imene inkayenda mwaulemu ngati mkulu wa mpingo inayamba kubangula, mazenera a anthu okhala nawo pafupi n'kumanjenjemera. Goodwell anati, "Miyendo tayipatsa, tsopano tiyipatse choimitsira." Koma matenda sanamulole. Anatisiya mabuleki asanasinthidwe.

Maliro atatha munatilembera kuti katundu wa malemu asagulitsidwe ndipo pasachotsedwe kanthu mpaka abale ake mutakhala pansi, koma galimoto iziyenda. Mawu amenewo ndawasunga. Nsapato zake zikadali pansi pa bedi pomwe anazisiya.

Tsono Felton akuti mabuleki akalewo ndi aang'ono poyerekeza ndi injiniyo, ndipo akufuna kumasula zitsulo zonse zakutsogolo n'kuika zina. Ine ndakana. Ndamuuza kuti sipana yake isakhudze pamenepo mpaka inu mutanena. Wandikwiyira, koma iye anachoka kwathu ali pamsana, sadziwa mmene pakamwa pa anthu pamaphera. Ine ndikudziwa. Sindikufuna kuti pamudzi padzamveke zoti Bessie anaphwasula chuma cha mwamuna wake ku Ulaya abale asanaone. Zinthu zikadzasintha ndikufuna kudzabwera, ndipo ndikufuna kudzalandiridwa ngati mkamwana wanu, osati ngati mbava.

Ivy nayenso waumirira kuti patsiku lake adzakwera galimoto ya bambo ake basi, ina iliyonse ayi. Ndiye alamu, ndithandizeni. Tipatseni chilolezo Felton asinthe mabulekiwo nthawi ikadalipo.

Ndine mlamu wanu,
Bessie

Mkanda, Mchinji
3 Malichi 1985

Okondedwa alamu, mayi a Felton,

Kalata yanu yandipeza ndili m'chigafa, manja ali phula la fodya lokhalokha, ndipo ndaidetsa poiwerenga. Ife tili bwino. Mvula yagwa yokwanira, chimanga chili bwino, koma ng'ombe ya Louisa, mlongo wathu uja, inathyoka mwendo ndipo tinaidya.

Za Ivy ndasangalala mpaka ndinavina ndekha. Kamwana kaja kanachoka kuno kali m'mimba lero kakukwatiwa! Koma simunandiuze ankhoswe ndi ndani. Kapena ku Ulaya ukwati umangomangidwa ndi m'busa yekha ngati mtolo wa nkhuni?

Tsopano za galimoto. Alamu, ine ndine munthu wakumudzi koma maso ndili nawo. Ku boma kuno kunali munthu wina anali ndi lole yabwinobwino. Atamwalira, ana ake anati tingosintha kachitsulo kamodzi. Lero m'lolemo mukuikira nkhuku. Kugulitsa galimoto kumayamba ndi kumasula nati imodzi. Sindikunena kuti inu muli ndi maganizo amenewo, ayi, koma anyamata amakono ali ndi anzawo, ndipo anzawowo ali ndi maso. Ngati mwapanikizika ndi zofunika paukwati, nenani poyera, tione chochita. Musayambe ndi kudula ziwalo za galimoto ya mbale wanga.

Komanso nkhani ya mabuleki ikundidabwitsa. Njinga yanga inaduka mabuleki chaka chija cha dzombe, ndipo mpaka lero ndimaimitsa ndi chidendene. Ndafika nayo ku Kapiri, ndafika nayo ku Tembwe, ndikadali moyo. Muuzeni Felton kuti kuthamanga si kufika. Aziyendetsa pang'onopang'ono ngati mmene bambo ake ankayendera akamachokera kutchalitchi.

Dikirani tikolole. Tikamaliza ndidzaona mmene ndingaitanire mbumba, nkhaniyi ndi zina zonse tidzazikambe bwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ngati kungatheke munditumizireko magalasi owerengera. Anga anathyoka mwendo umodzi, ndamanga ndi ulusi.

Ine mlamu wanu,
Oswald

Thamesmead
20 Epulo 1985

Abambo aakulu,

Muli bwanji? Ndine Felton. Mundikhululukire, Chichewa changa ndi cha kukhitchini, ndinachiphunzira pokalipiridwa. Mum sakudziwa kuti ndikulemba kalatayi.

Ndawerenga zimene munalemba, ndipo ndikufuna ndikufotokozereni bwinobwino, chifukwa Cortina si njinga. Kuseri kwa tayala lililonse lakutsogolo kuli chimbale chachitsulo, timati disiki. Pa chimbalecho pali chibwano chimene chimaluma mukaponda buleki, timati kalipa, ndipo mano ake ndi mapadi. Galimoto ikamathamanga kapena ikalemedwa, chimbalecho chimatentha kwambiri. Chikatentha mano aja amangoterera, phazi limalowa pansi ngati mwaponda nthochi yakupsa, galimoto n'kumangopita. Zimbale zimene zilipo anazipangira injini yaing'ono. Ine ndi Dad tinaika ya malita awiri.

Ndinapita kushopu ina ya zida za galimoto ku Ilford. Mzungu wa pamenepo anandifunsa, "Mumakwera anthu angati?" Ndinaseka. Ndinati zimatengera ngati ndi Sunday. Iye amaganiza za mnyamata ndi chibwenzi chake. Sadziwa kuti galimoto imeneyi ndi basi ya Amalawi onse kuyambira Plumstead mpaka Woolwich, ndipo sungamusiye mayi wamkulu pa bus stop mvula ikugwa.

Njira zilipo zitatu. Yoyamba ndi mabuleki a mpikisano, amene mzunguyo amafuna kundigulitsa. Ndi okongola, koma sagwira bwino mpaka atatentha, ndipo amalira ngati nkhumba. Tangoganizani mkwatibwi akufika patchalitchi ndi phokoso lotero. Amenewo ndawakana, si a mumsewu wa m'tauni.

Yachiwiri ndi imene ine ndikufuna. Ku Erith kuli malo ophwasulirako magalimoto akale. Kumeneko ndapeza makalipa a galimoto yaikulu yotchedwa Princess, oluma ndi mapisitoni anayi m'malo mwa awiri, ndipo zimbale ndingagule zatsopano, zonenepa, zokhala ndi mipata mkati yopitira mphepo. Anyamata ambiri kuno amachita zimenezi ndipo zimagwira. Koma pamafunika kuchotsa zakale zonse, ndiye pomwe Mum aima ngati wapolisi.

Yachitatu ndi kusiya zonse mmene zilili, n'kungosintha mapadi ndi mafuta a mabuleki. Imeneyi ndi half job, koma mwina Mum angalole.

Abambo aakulu, palibe amene akugulitsa kanthu. Galimoto imeneyi ndinaigona pansi ndi Dad miyezi yambiri, iye akundipatsira sipana uku akutsokomola. Ndingaigulitse bwanji? Koma ndinene zoona, kuchedwa kwanuku ine kukundiganizitsa zina. Ngati mukuifuna galimotoyo, just say so. Tidzaikweza sitima ibwere kwanuko. Koma ndiloleni ndiyambe ndaikonza, inyamule mlongo wanga, kenako muitenge ili ndi mabuleki. Chidendene chanu sichingaimitse Cortina.

Mwana wanu,
Felton

Mkanda, Mchinji
19 Meyi 1985

Mwana wanga Felton,

Moni. Kalata yako ndailandira, ndipo Chichewa chako n'chokwanira ndithu, chifukwa chandilasa pamtima osaphonya.

Ukuganiza kuti ndikufuna galimoto? Ndikaiyendetse kuti? Msewu wobwera kwathu kuno ngakhale ngolo imadandaula. Ndipo tsiku limene galimoto yochokera ku London ingaime pakhomo panga, madzulo ake kudzaima ina ya apolisi yopanda mazenera kudzanditenga.

Popeza wakula, ndikuuze zimene amayi ako sindinawauze. Bambo ako kuno sitinawalire. Uthenga unabwera ndi Mable, anandinong'oneza kuseri kwa nkhokwe. Dzina la Goodwell pamudzi pano silitchulidwa mokweza kuyambira chaka chimene anathawa, chifukwa makutu ndi ambiri ndipo ena ndi a pachibale pomwe. Azakhali ako a Louisa anakalirira kumunda, ataluma chitenje kuti mawu asatuluke. Sitinasonkhane, sitinamete, sitinaimbe nyimbo ngakhale imodzi. Tsono iwe ukuti ndiitane mbumba tigawe katundu. Anthu akadzafunsa kuti katundu wa yani, ndidzati chiyani? Ndipo tingagawe bwanji chuma cha munthu amene sitinamulire? Kwa Louisa, bola ngati galimotoyo ili yathunthu, mlongo wake akadali kwinakwake akuyendetsa.

Ndikuopa, mwana wanga, ndipo sindichita manyazi kunena. Ndili ndi zidzukulu pakhomo pano.

Za zibwano ndi mano ndamva, wafotokoza bwino ngati mphunzitsi. Mano sintha, amenewo ngakhale a munthu amaguluka. Koma zimbale ndi zibwano zisiye kaye. Ndipatse nthawi ndipeze njira.

Bambo wako wamkulu,
Oswald

Thamesmead
10 Juni 1985

Alamu,

Moni, koma lero sindichulutsa moni. Felton waulula kuti anakulemberani mu Epulo, ndipo mpaka lero kuli zii. Sindikudziwa ngati mwakwiya, kapena kalata yagona m'thumba la munthu ku Chipata. Ngati mwanayu analankhula mwamwano, ndapepesa m'malo mwake. Koma mverani zimene zachitika.

Mwezi watha ndinamulola kusintha mapadi okha. Ndinaganiza kuti amenewo ali ngati sopo, amatha ndi ntchito, palibe angawatche chuma. Anasintha, anayesa yekha kuzungulira kuno, n'kubwera akuti zasinthako.

Lamulungu lapitali amayi a mpingo tinali ndi mapemphero kwa Mai Martha ku Welling, ndipo Felton anabwera kudzanditenga masana. Mukudziwa mmene timachitira. Potuluka, uyu akuti ndikutsikira pa Woolwich, uyo akuti mwendo ukundipweteka, winayo wangoima pafupi ndi chitseko atanyamula poto. Mungamusiye ndani? Tinakwana amayi asanu ndi mmodzi, ena pamiyendo pa anzawo, mapoto ndi mipando yopinda ya tchalitchi kumbuyo. Mai Martha nawonso anakwera kuti akaone wodwala. Galimoto inakhala pansi ngati nkhuku yofungatira.

Pali chitunda china chachitali chotchedwa Shooters Hill, ndipo kumunsi kwake kuli maloboti pamphambano. Tinayamba kutsika tikuimba. Magalimoto anali ambiri, kuima n'kuyenda, kuima n'kuyenda. Ndinayamba kumva fungo ngati wina wapsereza chigwiriro cha poto. Nditayang'ana Felton ndinaona kuti wasiya kuseka. Kutsogolo maloboti anafiira, basi yaikulu inayamba kudutsa, ndipo mwendo wa mwana wanga unali kupopa pansi, kupopa, galimoto osamva.

"Mum, gwirani!" Ndi mawu okhawo amene ananena.

Anakankha giya, injini inakuwa, anakoka buleki yapamanja, n'kukhotetsa kukwera m'mbali mwa msewu moyenda anthu. Tinakaima mu mpanda wa maluwa wa nyumba ya eni ake. Mulungu ndi wamkulu, pamalopo panalibe mwana kapena munthu woyenda. Basi inadutsa pafupi moti ndinaona nkhope ya mayi wina pazenera atatsegula pakamwa.

Mai Martha anamenyetsa pakamwa pampando, dzino linathyoka. Nyemba zinali thoo m'galimoto monse. Palibe anafa, koma nyimbo ija sindidzaimbanso.

Felton anatuluka n'kukhala pansi m'mbali mwa msewu, utsi ukutuluka m'matayala akutsogolo. Anatulutsa fodya n'kuyatsa, ndipo ine tsiku limenelo ndi pamene ndinadziwa kuti amasuta. Titafika kunyumba anaika makiyi patebulo. Anati, "Ivy sindimunyamula m'galimoto imeneyi. Kaya mulembere ku Mchinji kaya kumwamba, ine ayi."

Ivy akulira, akuti bambo ake anamulonjeza. Felton salankhula nane. Ine ndili pakati, ndagwira mawu anu ngati khasu lopanda mpini. Alamu, ndakusungirani ulemu nthawi yonseyi, ndipo ndikufunabe kuusunga. Ndiyankheni mwezi uno usanathe. Mawu amodzi okha akwana.

Bessie

Thamesmead
25 Ogasiti 1985

Okondedwa alamu anga,

Moni kwa inu, kwa alamu anga a Louisa ndi ana onse. Ndikhulupirira mwakolola bwino.

Kalata imene munalembera Felton mu Meyi inafika pakati pa Julayi. Akuti mwamuna wa Mable anaiiwala m'thumba la jekete. Felton anaiwerenga ataima, kenako anakhala pansi, kenako anandipatsa. Ndinalira, alamu. Ine ndinkaganiza kuti mwaumitsa mtima, osadziwa kuti kumeneko munaletsedwa ngakhale misozi. Ife kuno tinamulira Goodwell mokweza mpaka azungu oyandikana nafe anagogoda khoma, ndipo sindinaganizepo kuti umenewo unali mwayi.

Koma kalata yanu inati tidikire, ndipo ukwati unali pakhomo. Yankho la kalata yanga ya Juni silinabwere. Ndinaganiza, ndinapemphera, ndipo ndinaona kuti inu simungathe kunena kuti inde popanda kuika zidzukulu zanu pamoto. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene anali m'galimoto pa Shooters Hill ndine.

Loweruka lina m'mawa ndinamanga chitenje n'kutsikira ku galaja pansi pa nyumba zathuzi. Ndinamuuza Felton kuti akweze galimoto, achotse tayala, andionetse nati yoyamba. Anandiyang'ana ngati ndapenga.

"Mum, mukufuna chani?"

"Ndipatse sipana. Nati yoyamba ndimasula ndine, kuti akadzafunsa kwathu kuti anaphwasula ndani, dzina lidzakhale langa."

Natiyo inakana. Bambo ake anaimanga ngati sidzamasulidwanso. Felton anaveka paipi yaitali pa sipana, ine n'kupondapo ndi phazi, thupi langa lonse ili, ndipo mukudziwa kuti Ulaya wandinenepetsa. Inalira kuti kwee, n'kumasuka. Zotsalazo anamaliza yekha.

Posankha sindinamusiyire yekha. Ndinapita naye ku Ilford, ndinamufunsa mzungu uja mafunso mpaka anatuluka thukuta. Anayesanso kutinyengerera za mpikisano zija, ine ndinati sitikupita kukapikisana ndi munthu, tikupita kutchalitchi. Tinagula zimbale zonenepa zamipata, ndi mapaipi atsopano a mafuta. Zibwano zazikulu tinakatenga ku Erith, Felton anazitsuka n'kuika mphira zatsopano mkati. Panali vuto limodzi, zibwanozo zinkakhudza matayala, moti anachita kuika timbale tina topyapyala kuti tayala lituluke pang'ono. Masabata awiri anali wakuda ngati wowotcha makala.

Atamaliza anati akayese yekha. Ndinati ayi, unayesa wekha ulendo watha. Ndinaitana amayi onse aja. Mai Martha poyamba anakana, anati dzino limodzi lakwana, koma atamva kuti anzawo onse avomera anabwera atavala chipewa chatsopano. Tinakweza mapoto, tinakweza mipando, tinakwera Shooters Hill n'kutembenuka. Potsika munalibe woimba. Felton anaponda, ndipo galimoto inaima pomwepo moti tonse tinagwadira kutsogolo. Tinabwereza, n'kubwerezanso, fungo osamveka. Ulendo womaliza Mai Martha analuluta mpaka wapolisi anatembenuka.

Ivy anakwatiwa pa 17. Ankhoswe analipo, musadandaule, a Paterson a ku Ilford anaimira mbali yathu. Cortina inavala maliboni oyera, Felton anavala suti ya buluu, ndipo anayendetsa pang'onopang'ono monga munanenera. Pofika pachipata cha tchalitchi Ivy anasisita mpando wakutsogolo, n'kunena motsitsa kuti, "Dad, tafika." Ine ndinayang'ana kumbali.

Tsopano mlandu. Ndaphwanya mawu anu, ndipo sindibisa. Zitsulo zakale sindinataye ngakhale kawaya. Zibwano zili m'bokosi kuno. Zimbale ziwiri ndazitsuka ndi palafini, ndazikulunga m'jekete la Goodwell la kutchalitchi, ndipo ndapatsira Greenwell, mnyamata wa sukulu amene akubwerera ku Lusaka, kuti akasiye kwa Mable. Wadandaula kulemera, koma wanyamula. Magalasi anu ali m'thumba la jeketelo.

Ndi chuma cha mbale wanu chimenecho, chafika m'manja mwa eni ake. Mukakhala pansi n'kuona kuti ndalakwa, nenani, ndidzamva. Mukati pamudzi panu ndisadzapondepo, zidzandiwawa mpaka kumanda, koma sindidzati ndikanadziwa. Mwana yekhayo musamukhudze.

Ndine mlamu wanu,
Bessie

Mkanda, Mchinji
20 Okutobala 1985

Okondedwa alamu, mayi a Felton,

Moni wochokera kwa tonse. Ndikulemba nditavala magalasi atsopano, ndipo ndaona kuti nkhope ya mkazi wanga ili ndi makwinya ambiri kuposa mmene ndinkaganizira. Zikomo.

Makalata anu awiri, ya ngozi ndi ya ukwati, anafika tsiku limodzi pamodzi ndi katundu. Mwayi wake ndinayamba kuwerenga ya ukwati, apo ayi mtima ukanaima. Mwamuna wa Mable anabwera nazo panjinga kudzera njira zachidule, akutukwana kuti anthu ena amalandira mawailesi kuchokera ku Ulaya, ife tikulandira zitsulo zakutha.

Tinatsegulira m'nyumba, chitseko chotseka, ine ndi Louisa. Iye anatenga jekete n'kuikamo nkhope. Ine ndinatsala ndi zimbalezo m'manja, osadziwa kuti munthu amatani nazo. Ndinaona mizere imene mano aja anadya, ndinati apa ndi pamene mng'ono wanga ankaponda. Poika pansi, chimodzi chinagunda khasu limene linali pakona. Alamu, chinalira! Mawu oyera, aatali, osafuna kutha. Ine ndi Louisa tinayang'anizana.

Kutchalitchi kwathu belu linali chitsulo cha pulawo, ndipo chinang'aluka kalekale, chimangoti phwa phwa ngati chidebe. Ndinapita kwa akulu a mpingo n'kuwauza kuti ndapeza chitsulo chabwino kuchokera ku Chipata. Sindinaname, chinadzeradi kumeneko. Ndinachimanga ndi waya pa mtengo wa mthethe uli pabwalo paja, ndipo Lamulungu m'mawa ndinapempha kuti ndiimbe ndine.

Sindinaimbe mofulumira ngati mmene timaitanira mapemphero. Ndinamenya kamodzi, n'kudikira mawu athe, n'kumenyanso, monga timachitira pakagwa zovuta. Sindinakonzekere kutero, dzanja linangochita lokha. Louisa anali panjira akubwera. Atamva anaponya Baibulo pansi n'kuyamba kulira mokweza, kulira kwenikweni kwa maliro, kumene anakumeza nthawi yonseyi. Amayi ena anamugwira, ndipo posakhalitsa nawonso anayamba. Palibe anafunsa kuti wamwalira ndani. Ngakhale aja timawaopa anangoweramitsa mitu.

Titaweruka anthu sanapite kwawo. Anabwera kwathu mmodzimmodzi n'kukhala pansi pabwalo, amuna uku amayi uku. Wina anayambitsa nyimbo. Dzina silinatchulidwe, koma mkulu wina amene anaphunzira ndi Goodwell ku Kochilira anandigwira dzanja potsanzika n'kunena kuti, "Belu lanu lili ndi mawu abwino, a Oswald. Likumveka kuti lachokera kutali."

Alendo atapita, mbumba inatsala, ndipo tinakamba. Ndinawawerengera kalata yanu yonse, ndi za sipana zomwe. Louisa anaseka misozi ili m'masaya, anati akanakonda kukuonani mutakwera pa paipi. Zimene tagwirizana ndi izi. Galimoto ndi ya Felton, aichite zimene akufuna, koma injini yachitatu ayi. Jekete ndatenga ine. Chimbale chinacho watenga Louisa, wachiika pamutu pa mphasa yake. Zotsala zonse za m'nyumba ndi zanu ndi ana, mugawe mmene mukuonera. Takumasulani, alamu. Munadikira kokwanira, ndipo ife ndi amene tinakuchedwetsani.

Muuzeni Felton kuti njinga yanga ndagulira mabuleki. Chidendene chayamba kupweteka.

Za kuponda pamudzi pano musadzazinenenso. Anthu amene sanakuoneni chichokereni akufunsa kuti mkamwana wathu adzabwera liti. Tsikulo likadzafika, musadzavutike kutumiza mthenga. Mudzatsike pa tchalitchi, mudzatole mwala, mudzaimbe nokha belu la mwamuna wanu. Tidzasiya makasu m'munda n'kubwera kudzakulandirani.

Ine mlamu wanu,
Oswald